Ndalama ya a Wamankhwala ndi Simbi Yathu

Lolemba, 4 Ogasiti
A Wamankhwala, aja a sitolo yoyandikana ndi kuntchito kwathu, andibwereka ndalama yawo yatsopano. Ya pulasitiki. Yosungidwa ndi anthu okonda kusonkhanitsa ndalama zosowa, osati yogulira sopo. Ena onse amangoionera m'kabati ya galasi, ine andipatsa m'manja. "Inu ndinu osindikiza, maso anu ndi ena. Mubweze Loweruka, ikupita kuchionetsero." Mtima kuti myaa.

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Nkhomaliro osadya, diso pa galasi lokuzira. Abale inu! Zaka zonsezi ndikununkha inki, zotere sindinazionepo. Kawindo koonekera mbali zonse, mkati mwake kambalame. Ukaipendeketsa, mapiko obiriwira asanduka agolide. Pakona timadontho totupa, toti anthu osaona azipapasa. Nthengazo si mizere ayi, ndi timalemba tating'onoting'ono. Makina athu achite manyazi. Amene anajambula zimenezi ndikanamupatsa moni ndi manja awiri.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Chitsiru ine. Dzulo ndinaitulutsa m'kathumba kake kuti ndimve kusalala. Bwana anaitana, ine ponyu m'thumba la malaya. Mayi a ana achapa malayawo m'mawa uno. Liwiro la kuchingwe, thukuta kamukamu. Ili bwinobwino! Yosasuluka, yosang'ambika, kakhwinya kamodzi kokha pakati. Ikanakhala yapepala bwenzi tikutola zinyenyeswa. Ndaisiya patebulo, mawa ndiitsindike ndi mabuku.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Mayi a ana amafuna kundithandiza. Ndalama zonyowa iwo amazisita kuyambira kalekale, ndipo zimawongoka ndithu. Iyi simbi itangoikhudza, khwinyaa. Yatsala ngati tsamba louma. Kawindo kapindika, kambalame khosi lakhota. "Bambo a ana, ndimati ipite kwa eni ake yowongoka." Misozi mbwembwembwe. Kukalipa kwandikanika. Kuntchito ndauza aliyense, mpaka mlonda, kuti si pepala. Iwo okha sindinawauze. Ngakhale kuwaonetsa.

A Wamankhwala adzandipatsanso kanthu m'manja? Zikundiwawa.

Loweruka, 9 Ogasiti
Mayi a ana avala kale, akuti akapepese okha. Ndakana, tipita tonse. Ndaiikanso pansi pa galasi lija. Timalemba tija tikuwerengekabe, ngakhale pamene panapsa! Ndawaitana adzaone. Ayang'ana nthawi yaitali, osaphethira. "Kodi inali yokongola chonchi?"

Sitolo atsegula posachedwa, ndipo sindikudziwa kuti ndikayambira pati