Mabuleki anga anagwira, koma alamu akuti ndivomere mlandu

Aphungu,

Ndine mayi wapabanja, ndipo ndimayendetsa takisi pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay. Galimotoyo tinagula ndi amuna anga a Wadi, omwe pano ali ku Joni. Pasiteji pathu wamkazi ndilipo ndekha.

Pepala la COF, losonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, litatsala pang'ono kutha, anzanga anandilozera dobadoba wina amene amabweretsa pepalalo galimoto isanaonedwe n'komwe. Ine mtima unakana. Ndinapita nayo ndekha kokayezetsa, ndipo inalephera. Mabuleki akumbuyo anali atatha, matayala awiri atasalala ngati sopo. Galimoto inagona kwa makaniko nyengo yonse ya Idi, anzanga akukolola makasitomala. Dalaivala wina anandikuwiza kuti, "Mayi, chilungamo chanucho mudya chomwecho?" Ndinalira, Aphungu. Koma ndinakonzetsa, n'kubwerera nayo, n'kukhoza.

Mwezi watha ndikuchokera kuboma, galimoto itadzaza, wakabaza yemwe ananyamula mayi woyembekezera anaterereka pamchenga pafupi ndi Nkope. Onse awiri anagwera pakati pa msewu. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, galimoto n'kuima nji, tayala litatsala pang'onong'ono kuponda chitenje cha mayiyo. Ndisanapume n'komwe ndinangomva phuu kumbuyo. Pikiapu yodzaza madengu a usipa inali itandiomba. Mwamwayi palibe anavulala modetsa nkhawa, koma kumbuyo kwa galimoto yanga kunaphwanyika, ndipo kutsogolo kwa pikiapuyo kunatheratu.

Anthu atasonkhana, ena anayambapo kuti, "Ndi zimenezi, mkazi pachiwongolero!" Koma apolisi atatenga galimoto zonse ziwiri kukaziyeza, yanga anaipeza ili bwinobwino. Pikiapu ija inalibe mabuleki, COF yake inatha kalekale. Tsiku lomwe ndinakaonekera kusiteji, madalaivala anzanga aja anaimirira n'kundiombera m'manja. Wondikuwiza uja anavula kapusi n'kunena kuti, "Mayi, tilozereni makaniko wanu." Mayi uja wachira bwino, mwana ndi wamkazi, ndipo amutcha dzina langa. Chibadwire sindinayendepo modzimva chonchi.

Tsono vuto ndi ili. Mwini pikiapuyo, amenenso ankaiyendetsa, ndi alamu anga Che Ayub, akulu awo a amuna anga. Anabwera kunyumba ndi apongozi anga aakazi. Alamuwo akuti, "Mlamu, kanene kupolisi kuti unaima mwadzidzidzi popanda chifukwa. Iwe mapepala ako ndi abwino, inshuwalansi yako indikonzere galimoto. Ine yanga yandikana." Apongozi nawo akuti, "Mwanangu, chibale n'fupa, sichiola." Amuna anga pafoni akungoti, "Uone wekha." Ndichite bwanji kuti ndisapasule banja, komanso ndisataye dzina lomwe ndalivutikira?

M.D., Nkope

Mayi M.D.,

Ndisanayankhe, landirani kaye nthungululu zanga. Wakabaza, mayi uja ndi khanda lake akupuma lero chifukwa inu munalolera kugona ndi njala pa Idi. Musalole wina aliyense kukuchepetserani chimenechi.

Tsopano yankho: bodzalo musakalinene. Lero mulibe mlandu, koma mukakasintha mawu mukhala nayo iwiri, wonamiza apolisi ndi wofuna kubera kampani ya inshuwalansi. Ndiponso mukanamiza ndani? Anthu omwe munawanyamula anaona, wakabaza alipo, ndipo apolisi anayeza okha galimoto zonse ziwiri. Bodza likaululika, wotaya laisensi ndi ulemu pasiteji ndi inu. Che Ayub sadzakaima m'khoti m'malo mwanu.

Pitani kupolisi mukatenge lipoti la ngoziyo, ndipo mulisunge pabwino. Kenako mukafotokozere a inshuwalansi yanu zomwe zinachitikadi, muwafunse kuti mtundu womwe munadula umalipira zotani. Ina imangoteteza anthu omwe inuyo mwawalakwira, yanu galimoto ayi. Ngati ndi choncho, woyenera kukukonzerani ndi amene anakuombaniyo. Inde, alamu anu omwewo. Nkhani aitembenuza dala kuti muiwale zoti wolakwiridwa ndinu.

Musakambiranenso nawo muli nokha. Itanani ankhoswa a mbali zonse ziwiri, ndipo a Wadi akhale pafoni aliyense akuwamva. Mawu oti "uone wekha" si yankho la munthu amene galimotoyo ndi yakenso, ndipo wolakwayo ndi mkulu wake. Alankhule. Apongozi anu muwayankhe mwaulemu, mutagwada ngati n'kofunika, koma muwauze mosabisa kuti chibale chomwecho chikanayenera kuwatuma Che Ayub kwa makaniko asanakwere msewu womwe abale awo amayendamo.

Chifundo chilipo chomwe sichikulowetsani m'ndende. Mutha kuwalola kuti azikukonzerani pang'onopang'ono usipa ukamagwidwa, bola mugwirizane pamaso pa mboni. Mutha kumawanyamulirako madengu popita kuboma pamene pikiapu ili pamiyala. Akakana zonsezi n'kuyamba kukuopsezani, funsani upangiri kwa odziwa malamulo, ndipo musachite manyazi.

Chenjezo langa ndi lakuti kuomberedwa m'manja kusakuledzeretseni. Pepala silimaimitsa galimoto, ndiye mabuleki ndi matayala muziwaona m'mawa uliwonse, osadikira tsiku loyezetsa. Musawanyoze alamu anu pagulu, manyazi omwe ali nawo akwana. Koma pikiapu yawo ikadzabwerera pamsewu, musalole mwana aliyense wa pakhomo panu kukweramo mpaka mutadziwa ndithu kuti yakayezedwa, ndipo inafikadi kokayezetsako ndi matayala ake, osati kungogula pepala kwa dobadoba.

Aphungu