Mnzawo wa malemu apongozi akuwaitanabe pa wailesi

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ntchito yanga ndi yosoka. Apongozi anga aamuna, amene tinkakhala nawo, anatisiya mwezi watha. Anali okonza zamagetsi, ndipo atapuma ntchito anasandutsa kachipinda kakuseri kukhala ka wailesi. Osati yomvera nyimbo ayi, koma yolankhulirana ndi anthu akutali. Waya wake anaukoka okha kuchokera padenga mpaka pamtengo wa mapeyala, munthu wa zaka 70, ife tili pansi mitima ili m'mwamba.

Poyamba ine ndinkangomva phokoso ngati mafuta akuthetheka pamoto. Tsiku lina ndikuwapatsira tiyi anati, "Mayi, takhalani pansi. Potozani apa pang'onopang'ono, ngati mukulowetsa ulusi pasingano." Nditapotoza, m'phokosomo munatuluka mawu a munthu, bambo wina woweta njuchi kutsidya kwa nyanja. Awiriwa anacheza zaka 11, Lamlungu lililonse masana, osaonanapo nkhope. Apongozi ankadziwa ming'oma yake yonse, iyenso sankaiwala kufunsa za bondo lawo. Ine ndinakodwa pomwepo. Makina osokera ndinawasunthira pafupi ndi khomo kuti ndizimva nawo.

Lamlungu lapitali ndinalimba mtima n'kuyatsa wailesi ija. Itakwana 3 koloko ndinamva mnzawoyo akutchula dzina lawo la pawailesi, lija la zilembo ndi manambala. Anaitana katatu, n'kudikira, kenako anati, "Chabwino achikulire, sabata yamawa." Sakudziwa, Aphungu. Ndinanyamula cholankhulira, koma ndinakumbukira mawu a apongozi: "Batani ili si la aliyense, limafuna chiphaso." Ndinangokhala pansi n'kulira.

Amuna anga akuti tigulitse zonse, m'chipindamo tiziikamo njinga. Akuti, "Foni uli nayo, ukufunanso kucheza ndi mphepo?" Koma iwo chimwalirire bambo awo sanapondemo m'menemo.

Kodi ndingomuyankha munthuyu? Nanga mayi wosoka, wolekezera sukulu panjira, angaziphunzire zimenezi? Mtima wanga ukuzifuna.

T. N.

Mayi T. N.,

Ndiyambe ndakuomberani m'manja. Misozi ili m'masaya, cholankhulira chili m'manja, inu n'kukumbukirabe lamulo! Malemuwo ankadziwa amene akumupatsa mpando.

Batanilo musadine. Dzina lija linali lawo, ndipo lapita nawo. Koma mnzawoyo asaitanenso osadziwa. Anthu a mawailesiwa amatumizirana makadi akalankhulana, ndipo amasunga kabuku ka onse amene acheza nawo. Fufuzani m'madirowa, keyala yake muipeza, mulembe kalata sabata ino. Poti kalata imayenda ulendo wake, ganiziraninso ngati pali anzawo a wailesi amene anabwera kumaliro. Pemphani mmodzi wachiphaso amuuze pa wailesi yake Lamlungu likubwerali nthawi yomweyo, inu muli pambali pake.

Za sukuluzo zisakufooleni. Yambani ndi khutu: muzimvera mmene anthu amalonjerana ndi kupatsana mpata, muzilemba zimene mwamva, tsiku ndi nthawi yake. Anzawo omwewo akulozerani gulu lawo, komanso ofesi yolembetsa mayeso ndi kupereka chiphaso. Mayesowo ndi a malamulo, zamagetsi pang'ono ndi kudziteteza. Munthu wodula nsalu ya eni osaphonya muyeso, kuyeza waya kungamukanike? Mukalephera koyamba, mukalembenso. Ambiri amene mumawamva akulankhula mwaukatswiriwo anayamba ndi kusokoneza mabatani.

Amuna anu musalimbane nawo za njinga. Njinga yagona kwina zaka zonsezi, sinadandaule. Chimene chikuwavuta n'choti chipindacho chikadamveka fungo la bambo awo. Apempheni miyezi isanu ndi umodzi musanagulitse kanthu. Kalata ija mukalemba, apatseni cholembera aikepo mzere wawo, pakuti mwana wa malemu ndi iwo. Akakana, musawakakamize. Ingosiyani chitseko chotsegula.

Chenjezo langa ndi ili. Kukayamba kuchita mdima wa mvula, zulani waya wochokera panja mabingu asanayambe, ndipo musaukhudzenso mpaka atatha. Bokosi la wailesilo musalitsegule nokha, ngakhale mutazimitsa, chifukwa zina mkatimo zimasunga magetsi oti n'kupha munthu. Nyumba yanuyo yalira mokwanira chaka chino.

Aphungu