Nzama Zanu Zapita ku Madzimoyo

Amayi, kodi kumeneko mukutandala bwanji? Kuno ku Chipata tikudzuka ndithu.

Ndisanalowe m'nkhani zina, khalani pansi kaye, chifukwa ndabwera ndi uthenga wa zovuta. Mwachisoni chachikulu ndikulengeza kuti bwalo lathu la pa intaneti lija, limene inu munkalitcha "anzako a m'galasi", latisiya. Linadwala nthawi yaitali. Poyamba anthu anayamba kuthawira m'magulu a pafoni, kenaka tinatsala ife ankhakamira tokhatokha, kenaka munadzaza ogulitsa mankhwala okulitsa ziwalo zimene sindingazitchule pamaso panu. Tsiku lina nditatsegula ndinangopeza tsamba loyera mbee. Panalibe kwaya, panalibe nkhata, panalibe ndi wofotokoza mbiri ya malemu. Mukalipeza kumeneko mulilandire bwino. Mudzalizindikira msanga: ndi lodekha, lilibe zithunzi, ndipo limakonda mtsutso.

Tsopano zabwino. Muli ndi mdzukulu wina, wamkazi. Tinamutcha Aginesi, dzina lanu, ndipo watenga ndi kayang'anidwe kanu komwe, ka munthu amene wadziwa kale kuti ukunama koma akudikira kuti umalize. Bambo ake akamuyimbira nyimbo amawayang'ana choncho mpaka iwo amasiya okha. Wayamba kukwawa, ndipo chilichonse chimene wachipeza pansi amayamba wachiyeza ndi pakamwa.

Kumudzi ku Kasenengwa achimwene a Mabvuto anakolola chimanga chokwana, nshawa nazo zinachita bwino. Thonje lokha linadyedwa ndi mbozi, ndipo malinga ndi iwo olakwa ndi boma, nyengo, ndi akazi awo, alamu anga amake Limbani. Denga la khitchini yanu likudonthabe pamalo pomwe paja. A Mabvuto amasuntha mphika m'malo mokwera padenga, akuti akudikira mvula ithe, ndipo ikatha akuti palibenso chodontha.

Koma chimene ndakulemberani kwenikweni ndi nzama zanu.

Mukukumbukira mtsuko uja munkausunga kuseri kwa chitseko, wa mbewu ya nzama zofiira zosakaniza ndi phulusa? Mutapita, dzinja loyamba linadutsa palibe anaukhudza. Chaka chino nditautsegula ndinapeza tina tayamba kufumbwa, ndipo ndinadziwa kuti zikagonanso chaka china mbewuyo yatha. Ndinapempha amake Limbani kuti azibzale m'mphepete mwa munda wawo. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti akagone kumanda. "Alamu," anatero, "ana anga onse ali moyo. Mukufuna ndiyambe ndi uti?"

Mwambo wake mukuudziwa kuposa ine: nzama sabzala mkazi amene ana ake onse alipo, amabzala amene anaikapo kale mwana m'manda. Inu munkabzala chifukwa munaika Yohane ine ndisanabadwe. Mukudziwanso kuti ine, mwana wanu wa ku yunivesite, ndinauseka mwambo umenewu mpaka kuulembera nkhani yaitali pabwalo lija, yodzaza ndi mawu akuluakulu. Nditakuwerengerani munangopitiriza kusenda nshawa, n'kunena kuti, "Iwe Tikambenji, sukulu inakunola pakamwa n'kuiwala makutu." Kenaka munati, "Auze anzako a m'galasiwo kuti nzama sizifuna nthaka yonona, ndipo zikachita maluwa uziundire dothi. Zinazo usawauze, sakumva." Ndinalemba mawu anuwo, ndipo anakondedwa kuposa nkhani yanga yonse. Sindinakukhululukirenibe.

Bwalo lija likadakhalapo, ndikadangofunsa kumeneko. Kunali kwabwino chifukwa funso linkakhala pamalo pake, likudikira mpaka wodziwa adzadutse, ngakhale patapita mwezi. Munthu ankayamba wawerenga zimene ena ayankha kale asanatsegule pakamwa. Tinkakangana, inde, koma tinkadziwana makhalidwe ngati anthu otunga pamjigo umodzi. Popeza linamwalira, ndinanyamula funso langa n'kuyamba kuyenda nalo khomo ndi khomo.

Ndinayambira pagulu la pafoni la banja lathu. Muyenera kudziwa kuti abale anu onse tsopano amadzuka ndi maluwa. Munthu amene sanabzalepo duwa chibadwire amatumiza duwa m'mawa uliwonse, pamwamba pake atalembapo madalitso. Ndinafunsa mwaulemu ngati alipo angabzale nzama za amayi. Woyamba anayankha "Amen". Wachiwiri anatumiza vidiyo ya mbuzi ikuvina. Amalume a Gabiriyele anatumiza uthenga wa mawu wautali ngati ulaliki wa pa Pasaka, umene unayambira pa nzama n'kukathera pa malire a munda wa agogo. Ine ndinayankha, ndikuvomera, ndi pakamwa panga ponoledwa paja. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditachotsedwa pagulu. Wondichotsa ndi msuweni wanga Fatima, amene tsopano ndi adimini ndipo amayenda ngati anavekedwa mendulo.

Kenaka ndinapita patsamba lalikulu la alimi, limene muli anthu ochuluka ngati tsiku la msika. Kumeneko funso silikhala pansi, limakokoloka ngati chitsononkho mumtsinje wa Lutembwe wodzaza. Ambiri anangolemba kuti "ndikutsatira", osanena kuti akutsatira kupita kuti. Wina anandigulitsa feteleza. Wina anati ndine mfiti. Wina anati amene amakhulupirira zimenezi ndi amene anavotera molakwika, ndipo pamenepo nkhondo inabuka, anthu n'kumatukwanizana azimayi awo pansi pa funso la mayi wanga. Bambo wina anandifunsira ukwati. Ndinamuuza kuti ndiyamba ndafunsa amuna anga.

Ndinayesanso gulu la anzanga amene tinaphunzira nawo. Uko ndiye kunali kokoma. Onse anagwirizana nane kuti mwambowu ndi umbuli, ena mpaka kufotokoza m'Chingerezi chosalala kuti unayamba bwanji. Ndinamva ngati ndafika kwathu. Ndiye ndinafunsa kuti, "Chabwino, abzale ndani?" Gulu lonse linagwidwa ndi vuto la netiweki. Anzanga ndi olimba mtima kwambiri, Amayi, kungoti amakhala m'nyumba zosanja ku Lusaka ndipo munda wawo ndi chitini cha anyezi pakhonde.

Amene anandipulumutsa ndi mdani wanga. Mukumukumbukira uja ankadzitcha "Fisi wa ku Mwami" pabwalo lakale, amene tinkatsutsana naye pa chilichonse mpaka inu n'kumati, "Ameneyo ukanangokwatiwa naye, mukanasunga mabandulo a intaneti"? Ndi bambo wachikulire ndithu, amathandiza oyendetsa mathiraki kuolotsa katundu pachipata cha m'malire cha Mwami. Anaona nkhondo ija patsamba la alimi n'kundilembera pambali kuti, "Kodi si inu aphunzitsi a pabwalo lija? Palibe wina amene amanyoza munthu mwaulemu chonchi." Anandiuza kuti ena mwa otsala a pabwalo lija anatsegula kagulu kakang'ono, n'kuitanamo alimi enieni, anamwino opuma ntchito, ndi ogulitsa mbewu pamsika. Sulowamo wekha, amakulowetsa munthu amene angayankhe ukalakwa. "Ndikuikirani umboni," anatero, "koma pakamwapo muzimangako mabuleki."

Ndikuuzeni chimene ndaphunzira, popeza munalipira sukulu kuti ndizipeza maphunziro paliponse. Gulu labwino sulipeza pofufuza dzina lake, umalipeza potsatira munthu mmodzi amene umadziwa kuti akagonja pamtsutso amavomera. Ukalowa uyambe wakhala chete, uone mmene amamuchitira munthu amene wafunsa funso lopusa. Ine ndinakhala chete kwa masiku angapo, chinthu chimene mukanayenera kuchiona ndi maso anu. M'menemo mulibe maluwa, mulibe malonda, ndipo ukanena chinthu amakufunsa kuti, "Munaona nokha kapena munamva?" Adimini wake ndi mayi wina amene anachotsapo mwamuna wake yemwe chifukwa chotumiza mankhwala a zitsamba ochiza matenda onse. Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti ndafika.

Ndinaponya funso langa, ndipo ndinalephera kudziletsa: ndinawonjezera kuti ine ndekha sindikhulupirira za mwambowu, kungoti ndilibe munda m'tauni muno. Kenaka analemba mayi wina amene sankalankhulalankhula, Mayi Zulu a ku Madzimoyo. Anafunsa ngati nzamazo ndi zofiira kapena zamawangamawanga, ndiponso ngati zinasungidwa m'phulusa. Nditayankha, analemba kuti, "Bweretsani. Ine ndikhoza kubzala."

Aliyense m'gulumo anamva tanthauzo la mawu amenewo. Palibe anafunsa kuti anali wamwamuna kapena wamkazi, anadwala chiyani, zinachitika liti. Palibe anatumiza kankhope kolira. Fisi yekha analemba kuti, "Zikomo amayi," basi. Ndakhala pa intaneti zaka zambiri, koma ndinali ndisanaonepo anthu ochuluka chonchi akudziwa kukhala chete pamodzi.

Loweruka lake ndinakwera minibasi, Aginesi kumbuyo, mtsuko pamiyendo. Kondakitala anafuna kuuika pamwamba pamodzi ndi matumba a feteleza, ndinamuuza kuti akwezeko kaye amake. Mayi Zulu anatichingamira pamsewu. Ndi wamfupi, woseka ndi maso, ndipo foni yake ndi yong'aluka galasi. Anakhuthulira mbewu m'lichero, anapeta phulusa, anatola zofumbwa n'kuponyera nkhuku, kenaka anati, "Mayi anu anali ndi dzanja. Izi zimera." Anali atakonza kale mizere kumapeto kwa munda, pa dothi la mchenga, monga munkachitira inu.

Titafika pamizerepo anandiyang'ana chammbali n'kunena kuti, "Aphunzitsi, paja munalemba kuti ndi zachabechabe, vuto linali munda chabe. Munda ndi uwu, khasu ndi ili."

Ndinawauza kuti msana ukundivuta chibadwire mwanayu.

"Eya, misana imeneyi," anatero. "Khalani pansi pa mango apo, muyamwitse mwana." Ndipo sanabwerezenso.

Anabzala okha, akuwerama ndi kudzuka, osafulumira. Atafika pakati pa mzere ndinawamva akulankhula chapansipansi. Ndinayesa akulankhula ndi ine, koma ankauza mwana wawo Petulo kuti mvula yabwera bwino chaka chino ndipo ng'ombe ija inaswa. Pamenepo ndinakumbukira kuti nanunso kumunda wa nzama munkapita nokha. Ndikakutsatirani munkandibweza kuti, "Pita ukasewere, kuno ndili ndi mlendo." Ine ndinkayang'ana uku ndi uku osaona mlendo aliyense, ndipo nditakula ndinaika zimenezi m'gulu la zinthu zoseketsa za mayi wanga.

Zamera, Amayi. Mayi Zulu anatumiza chithunzi pagulu, timasamba titatu titatu pa dothi lonyowa. Fisi wayamba kale kutsutsa kuti mizere yatalikirana, ndipo ine ndamuyankha moyenera. Tagwirizana kuti zikakololedwa gawo lina lidzabwera kuno, ndidzaphike monga munkaphikira, ndimulawitse Aginesi. Mbewu idzatsala ku Madzimoyo. Gulu ndalipeza, ndipo ndikulimba mtima kuti ili likhalitsa, chifukwa muli anthu amene amayankha funso ndi khasu.

Koma inu sindingakunamizeni, mungandiyang'ane ndi maso aja. Msana wanga unali bwinobwino. Kuseri kwa nyumba yathu kuno kuli malo okwana mizere ingapo, ndipo ndinali nditawayeza kale ndi maso ndisanafunse gulu lililonse. Tsiku lina ndinatapa mbewu m'manja n'kutuluka nazo panja, ndipo m'nyumba Aginesi anatsokomola. Kutsokomola wamba, kwa mwana amene wameza mkaka mofulumira. Ndinabweza mbewuzo mumtsuko n'kukasamba m'manja. Zonse zimene ndinalemba pabwalo lija ndikuzikhulupirirabe, mzere uliwonse. Kungoti sindingaziyesere pa mwana wanga.

Choncho nzama zanu zachoka pabanja pathu, ndipo wazitulutsa ndine. Mtsuko ndinabwera nawo wopanda kanthu. Uli kuseri kwa chitseko changa, ukununkhirabe phulusa la m'khitchini mwanu, ndipo sindinautsuke.

Mundiperekere moni kwa atate, ndi kwa achimwene anga a Yohane, amene sindinawapatsepo moni chibadwire. Ndikulonjeza kuti chaka chilichonse ndizipita ku Madzimoyo kukaona mbewu yanu, ndizikhala pansi pa mango paja, ndipo pakamwa ndizitseka. Inu kumeneko muzindipempherera kuti ndikalambe ndili wosayenera kuzibzala.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu wa pakamwa ponoledwa,
Tikambenji