Za kilachi ya galimoto ya alamu anu

Lundazi Boma,
9 Ogasiti 1994.

Okondedwa achimwene a Saimoni,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko ku Kasungu pamodzi ndi alamu anga? Kodi chifuwa chija chinakuvutani m'nyengo yozizira chinatha? Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, n'chifukwa chake ndalemba osadikira yankho la kalata yanga yapitayi.

Za m'tauni n'zochepa. Fumbi lachuluka, madzi a m'mipopi akubwera m'mawa wokha, ndipo mtedza wadzaza pamsika. Mwana wathu Tryphena ali bwino ku Kitwe ndi ana ake. Nkhani yeniyeni ndi galimoto ya alamu anu a Kenan, pikapu yakale ija mumaiseka kuti ndiye mkazi wawo wamkulu. Inu munagwira chiwongolero zaka zambiri, choncho ndifotokoza mwadongosolo kuti muweruze nokha.

Mu Juni kilachi inayamba kufewa. Chopondera chinkangomira mpaka pansi ngati waponda nthochi yakupsa, ndipo magiya ankakana kulowa mpaka atapopa kangapo. Mafuta a m'kabotolo ka kilachi ankatsika, koma pansi pomwe imagona galimoto panalibe dontho. Ndinayalapo nyuzipepala, m'mawa n'kuipeza youma. Chinaulula ndi nsapato. Popukuta nsapato zawo za kutchalitchi ndinaona kuti yakumanzere yasupuka polishi pamwamba, yakumanja ili bwinobwino. Nditasuzumira kunsi kwa chiwongolero ndinapeza kapeti yanyowa ndi mafuta.

Tinaitana a Friday Nyirenda, makaniko wa kuseri kwa msika. Anati malabala a m'kapampu ka kuseri kwa chopondera, kamene amati masitala, atha, n'chifukwa chake mafuta ankadonthera m'kati. Anayang'ananso kapampu kapansi ka pagiyabokosi, kamene amati sileve, napeza kuti n'kouma ndi kabwino. Anasintha malabala awiri nathira mafuta a buleki atsopano.

Chinatsala n'kuchotsa mpweya m'paipi, ntchito ya anthu awiri. A Friday anagona pansi pa galimoto ndi sipanala, alamu anu ali pampando kupopa chopondera n'kuchigwira pansi akauzidwa. Ine ndinkawonjezera mafuta m'kabotolo. Anabwereza kasanu ndi kawiri, thovu osatha. A Friday anakuwa kuti adada apondetse mpaka pansi, alamu anu n'kuyankha kuti iwo anayamba kuponda kilachi a Friday asanamere mano. Atatopa, alamu anuwo analowa m'nyumba kukamwa tiyi. A Friday anafunsa mwanthabwala ngati amama angayeseko. Ndinamanga chitenje n'kukwera. Kachitatu thovu linatha, chopondera n'kulimba. Ine, nkhalamba yomwe sinayendetsepo ngakhale njinga.

A Friday anaizungulitsa mpaka kumsika n'kubwerako, magiya akulowa mwakachetechete. Alamu anu atakwera, giya yoyamba inakukuta mano monga kale. Anakalipa kuti malabalawo ndi achinyengo ndipo makaniko a masiku ano ndi amisiri a pakamwa. Pochoka a Friday anandiitanira kuchipata nandiuza motsitsa mawu kuti galimoto yachira, ine ndiyang'ane mwendo wa adada.

Ndinayang'ana, achimwene. Phazi lakumanzere amalikoka pang'ono. Pokwera pakhonde amayamba ndi lakumanja nthawi zonse, atagwira mzati. Makapu anga a alendo anali asanu ndi imodzi, atsala anayi, ndipo awiriwo anapulumuka m'dzanja lawo lamanzere. Ine ndinkangowerenga makapu osafunsa chimene chikuwagwetsa. Ndikuopa kuti ndi kuthamanga kwa magazi kuja kunatenga amayi athu. Mukukumbukira kuti nawonso anayamba ndi kukoka phazi, mbali yonse isanaume. Nditatchula za kuchipatala alamu anu anati ndikufuna kuwakalambitsa msanga, ndipo tsiku lonselo sanandiyankhule.

Lachisanu lapitali, pokhota pamsika, mwendowo unalephera kutsitsa kilachi. Galimoto inadumpha n'kukagwetsa thebulo la mayi wina wogulitsa tomato. Mwiniwake anali atangodzuka kukasintha ndalama pa mnzake. Akanakhala pampando wake, bwenzi ndikulemba kalata ina. Alamu anu anauza aliyense amene anasonkhana kuti cholakwa ndi ntchito ya a Friday.

Tsopano alonjeza kunyamula amayi a Umanyano a mpingo wathu, khumi ndi awiri, kupita nawo kumsonkhano ku Mwase Loweruka pa 27 mwezi uno. Msewu wake mumaudziwa, wa mchenga ndi timilatho topapatiza, wosintha magiya kosalekeza. Ndawapempha kuti asapite, ayi. Ndawauza abusa, koma abusa ndi mwana kwa iwo, anangoseka nawo.

Choncho ndachita chinthu chimene sichindisangalatsa. Ndinapempha a Friday kuti adzachotse kapampu kapansi kaja, anene kuti nakonso katha ndipo katsopano aitanitsa ku Chipata. Anavomera monyinyirika. Kapampuko n'kabwinobwino, kali m'bokosi la makina anga osokera, ndakakulunga m'nsalu. Galimoto yaima. Koma bodza silikhalitsa. Dzulo alamu anu ananena kuti pofika pa 20 kakapanda kubwera atuma kondakitala wa basi akawagulire okha, ndipo aitana makaniko wina. Komanso a Friday akusenza mbiri yoipa pamsika chifukwa cha ine, pomwe ali ndi banja loti alidyetse.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani pasanafike pa 20. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mawu amene ine ndikanena amakhala chipongwe cha mkazi, inu mumawanena akuseka mpaka misozi, poti ndinu mlamu wawo ndiponso dalaivala mnzawo. Mudzanene kuti mwabwera kudzaona kilachi yavuta makaniko onse a ku Lundazi. Mudzabwezeretse kapampuko pamodzi ndi a Friday, mudzachotse mpweya alamu anu akuona, kenaka muwauze aponde okha inu muli pambali. Kwa inu sangabise. Amayi a Umanyano mudzawanyamule ndinu, alamu anu akhale pambali panu akulozereni njira monga akonda. Lolemba lake muwatengere kuchipatala. Akapsa mtima atadziwa za kapampu, muwasiye apsere ine. Ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi chimodzi, mkwiyo wawo ndimautha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Yunike, kwa azakhali athu ngati akumvabe, kwa ana anu onse ndi adzukulu. Achemwali a Jemima muwapatse moni koma za mwendo musawauze, chifukwa zingafike kuno inu musanawoloke malire.

Musayankhe ndi kalata. Kiyi wa bokosi la kupositi amasunga ndi alamu anu, ndipo amawerenga mokweza chilichonse chochokera kwa inu. Ngati mukubwera, ingobwerani.

Tsalani ndi Mulungu.

Ine mlongo wanu,
Esitere