Nyimbo ya Mzime Tinkangoivina

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi ukuwalola kuyenda? Ine ndilipo, ntchito yosita zovala kuhotela ikuyenda, kungoti nthunzi yandisupula zala.

Chandilembetsa ndi nyimbo ya malemu mzime wathu, ija tinkaivina mpaka fumbi koboo. Lachiwiri ndinaiika pafoni tikupinda nsalu zoyala pabedi. Mayi wina amene ndimasita naye, yemwe sadziwa chilankhulo chathu, anaikonda n'kundipempha kuti ndimumasulire mzere ndi mzere.

Ndinayamba ndikuseka. Ndinamuuza kuti woimbayo akuti nsapato zake wazisiya pakhomo, amene zimukwane avale. Kenako akuti asamusungire mbale, wakhuta kale. Mayiyo anaimika simbi n'kundifunsa kuti munthu wosiya nsapato amakhala akupita kuti. 

Kenako mayiyo anati ndibwereze paja woimbayo amati "ndili bwino" katatu. Achemwali, kamvereni nokha. Koyamba akukweza mawu, kachiwiri kulira kwa gitala kukumuphimba, kachitatu akungonong'ona, ng'oma n'kulowa mwamphamvu. Paliponse pamene pali mawu olemera anaikapo ng'oma dala. Mwana uja anatitsanzika poyera, ife tikuomba m'manja.

Pali chimene sindinakuuzenipo. Kutatsala sabata kuti adzichotsere moyo, anandiimbira foni masana kundifunsa ngati mawu a nyimboyo ndawamvetsa. Ndinamuyankha kuti ndi yovinika, atchuka nayo, ndipo ndimuimbira ndikaweruka. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Chabwino alongo, vinani." Sindinamuimbire.

Chiyambire Lachiwirilo chakudya sichikutsika kukhosi. Dzulo ndinawotcha malaya a mlendo, abwana n'kundichenjeza kuti ndikabwereza ntchito yatha. Ndinangowayang'ana, mantha omwe sanandigwire.

Pempho langa ndi limodzi. M'thumba la gitala la malemuyo muli kope lofiira lija ankalembamo nyimbo zake. Mulichotse amayi asanalipeze, mupatsire aliyense wobwera kuno. Ndikufuna ndiwerenge zonse, ngakhale mwiniwake sangandifunsenso. Amayi akamaimba nyimbo ija posesa pabwalo musawaletse, komanso musawamasulire.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali, amalume ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndili bwino.

Tsalani ndi mtendere.

Ine mng'ono wanu,
Kamlomo