Mzere Wadutsa Pakati pa Msewu Wathu

Valle Pardo, California
14 Seputembala

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino. Nanga bondo lija, likukulolani kufika kutchalitchi? Ife kuno tadzuka, ana ali kusukulu, ndipo kufakitale yolongedza mphesa ntchito yachuluka.

Kalabu ya ndale ya m'tauni muno yalengeza mwaulemu wonse kuti nthawi yatsopano yafika. Akuti makhansala sazisankhidwanso ndi tauni yonse pamodzi, koma dera lililonse lizisankha wake, munthu wokhala momwemo, wodziwa misewu yake ngati chikhatho chake. Pa izi kalabuyo inatithandizadi, sindingabise. Koma mukudziwa kuti amene anayenda khomo ndi khomo zaka zisanu ndi zitatu kusayinitsa anthu kuti kusinthaku kuchitike ndi mwana wanu Casimiro.

Mapu a maderawo atatuluka, tinapeza kuti mzere wa malire wadutsa pakati penipeni pa msewu wathu. Nyumba yanga ili m'dera lachitatu, kwa ife olongedza mphesa. Ya Casimiro, yoyang'anizana ndi yanga, yagwera m'dera la anthu a kuphiri, kumene amamudziwa ngati wokonza mipope basi. Iye akufuna ukhansala wa dera lathu lachitatuli, koma lamulo likuti wopikisana azikhala m'dera lomwelo. Choncho Lamlungu masana anasenza matiresi n'kuwoloka msewu, ndipo tsopano akukhala m'chipinda changa chosokera. Bambo Chuy, oyandikana nafe, anamukuwira kuti aonetse pasipoti, poti malire awa ndi achiwiri kuwadutsa, oyamba anali olowera m'dziko muno. Mkazi wake, mlamu Leticia, akuti ndiye mkazi woyamba kulandidwa mwamuna ndi mapu. Komabe m'mawa uliwonse amawoloka ndi khofi ndi matotiya otentha, zikondamoyo zopyapyala zachimanga zija, n'kuima pakhomo mpaka atadya.

Tsiku loti kalabu isankhe amene imuthandize, tinapita anthu makumi asanu, ena ndi zovala zakuntchito. Tinkaganiza kuti zikhala ngati msonkhano wa kwathu, kumene wafika aliyense amakweza dzanja. Mayi wapampando anatiyamika kwambiri pobwera, kenako anatiuza kuti ovota ndi okhawo amene anakhalapo pa misonkhano itatu chaka chino. Misonkhanoyo imachitika Lachiwiri masana, ife tili kufakitale pa lamba woyendetsa mphesa. Casimiro anapeza mavoti asanu ndi awiri. Otsalawo anapita kwa Bambo Ledesma, ogulitsa inshuwalansi, amene anasamukira m'dera lathu mwezi watha. Pa nkhani yosamukayi ife tilibe pakamwa.

Casimiro sanakalipe. Anagwira chanza aliyense, nathandiza kupinda mipando. Akuti aimabe, ngakhale dzina lake silikhala pa kakhadi kamene kalabu imatumiza kunyumba zonse, kamene ambiri amangokatsatira povota. Koma Amayi, waonda. Akabwera kuntchito amakhala pakhonde langa n'kumayang'ana mtengo wake wa mandimu tsidya linalo, monga ankachitira Atate chaka chija mvula inakana.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbireni foni Lamlungu mukachoka ku Misa. Za chisankho musamufunse, ndiponso musamuuze kuti asiye, poti mawu anu okha ndi amene angamugwetse. Mungomufunsa za mandimuwo, ndipo mumutchule Chimiro monga kale. Ine ndikamutchula choncho amanditsinyira nkhope.

Mundiperekere moni kwa azakhali Otilia, kwa amalume Fortino ndi akazi awo, ndi kwa mphwanga Nayeli, amene ndikudikirabe chithunzi cha khanda lake. Adzukulu anu akuti akusowani.

Tsalani ndi mtendere wa Mulungu.

Ine mwana wanu,
Herminia

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Loweruka Bambo Ledesma anaimika galimoto pakhomo panga kufunsa njira ya kupaki ya dera lathu. Anawaperekeza ndi Casimiro.