Nkhwangwa Isakhudze Mango a Mayi

Salisbury,
14 Okutobala 1951.

Achemwali a Nelia,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji ku Ngokweko pamodzi ndi ana? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima mwandiwawitsa.

Enock, mnzanga wa ku Nsanama uja, wafika ndi sitima. Akuti amuna anu a Bizwick anola nkhwangwa kuti agwetse mtengo wa mango wa pakhomo paja, ati ukuitana ntchentche ndi ana a eni. M'malo mwake akufuna kudzala kamtengo kachilendo kobala mtedza kamene anakapempha ku esiteti ya ku Zomba, poti kamachita maluwa oyera ngati pakhomo pa mzungu. Akutinso inu munangoseka. Ndakwiya, achemwali, sindikubisirani.

Mtengo umenewo ndimaudziwa. Wina wotere uli pabwalo pa bwana wanga, ndipo wosesa zinyalala zake ndine. Maluwa ake sachedwa kuyoyoka, nthawi yachisanu umatsala mbulanda wopanda mthunzi. Mtedza wakewo sadya munthu. Mwana wa kuki wathu anatafunako kamodzi, anasanza mpaka tinachita kumunyamula kupita naye kuchipatala. Ndi zimenezo mukufuna ana anu azitola pabwalo?

Nanga mango aja anakulakwirani chiyani? Njala ya dzana lija mwaiwala kale? Munandiuza ndinu nomwe kuti nkhokwe zitauma munkaphika mango osapsa mumphika, ndipo mwana wanu Amosi anapulumukira pomwepo. A Bizwick nawonso ankanyambita zala. Lero akhuta, ayamba kuona ntchentche.

Mtengowo anadzala ndi malemu mayi, ndipo michombo yathu tonse awiri anaikwirira patsinde pake. Alamuwo anabwera pamudzi pathu ndi mphasa yokha pamutu. Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Mwini mbumba ndine, ngakhale ndili kutali.

Pempho langa ndi limodzi: muwalande nkhwangwayo mukaisungitse kwa amalume mpaka ndidzabwere. Ngati maluwawo awalowa mumtima, akadzale kwawo ku Nayuchi. Ndikadzapeza chitsa pakhomopo, iwo adzanyamula mphasa yawo ija, ndipo inu simudzanditchulanso mlongo wanu.

Mupereke moni kwa amalume, azakhali a Martina ndi ana onse. A Bizwick moni wawo ndausunga, ndidzawapatsa pansi pa mango a mayi. Akagwetsa, ndilibe poti n'kuwapatsira.

Ndine mlongo wanu,
Jasten.